Nawonso Mwala Umawola

Anzanga amene munakwerako phiri la Mulanje munaona kuti m'mbali mwake muli matanthwe okhaokha, pamene pamwamba pake, ku Lichenya, pali dothi lofiira lakuya. Kodi n'chifukwa chiyani?

Mwala wa phirili ndi chiphalaphala chimene chinauma pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo. Mphamvu za pansi pa dziko zinautukula, ndipo miyala yofewa imene inaukwirira inakokoloka. Apa mpamene mvula inayamba kuugwira.

Madzi a mvula akasakanikirana ndi mpweya wa carbon dioxide amasanduka asidi wofooka. Asidiyu amadya mwala pang'onopang'ono, makamaka kumalo amvula yambiri ngati ku Mulanje. Zosungunuka zimapita ndi madzi, koma aluminiyamu ndi chitsulo zimatsalira. Umu ndi mmene munapangidwira mtapo wa bauxite umene unapezeka kumeneko mu 1924.

Komatu ntchitoyi imafuna nthawi yaitali. Pathyathyathya dothi limakhazikika, mwala n'kumawolera pansi pake. Potsetsereka madzi amalikokolola lisanakhwime. Mu 2023 namondwe wa Freddy anagumula m'masiku ochepa dothi limene linatenga zaka zikwizikwi kuti lipangike, n'kukwirira nalo midzi ya m'tsinde mwa phiri.