Mnyamata akamathamanga, si kuti wapenga ayi

Makolo anzanga, makamaka inu a ku Ntcheu, ndani sanamuonepo mnyamata wa sekondale akuthamanga m'bandakucha m'mphepete mwa msewu wa M1, thukuta lili kamukamu, anthu n'kumamuseka? Akafika kunyumba, nako ndi milandu. Bambo akuti akungotha nsapato, mayi akuti aonda. Mapeto ake mwana uja amasiya, luso n'kufera pomwepo.

Tamvani za anzathu a ku Kenya. M'tauni ya Iten muli sukulu ya anyamata yotchedwa St Patrick's. M'chaka cha 1976 kunafika mphunzitsi wochokera ku Ireland, Brother Colm O'Connell. Iyeyu sanali katswiri wa zothamanga, koma anayamba kulimbikitsa anyamata ake. Pa sukulu imeneyi panatuluka Peter Rono, amene anapata mendulo ya golide pa Olympics ya 1988 ku Seoul, komanso Matthew Birir, amene anachita chimodzimodzi mu 1992 ku Barcelona.

Chinsinsi china n'chakuti Iten ili pamwamba kwambiri, pafupifupi mamita 2,400. Kumalo okwera thupi limazolowera mpweya wochepa, ndipo magazi amalimba. Nanga kwathu ku Tsangano ndi ku Lizulu si kumapiri? Ana athu amakwera zitunda tsiku ndi tsiku popita kusukulu. Amalawi nafe tinaonetsapo kale kuti tikhoza. Catherine Chikwakwa anathamanga pa Olympics ya 2000 ku Sydney ali ndi zaka 15 zokha, ndipo mu 2004 anatenga mendulo ya siliva pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse ku Italy.

Mpikisano umene umayenerera anyamata a kumapiri ndi wa cross country, wothamanga m'thengo, m'matope ndi m'zitunda. Safuna bwalo kapena zipangizo zodula. Ndipo pano pali phunziro. Timu sipambana chifukwa cha munthu mmodzi. Amaphatikiza manambala amene anyamata a timuyo afikira, ndipo timu ya chiwerengero chochepa ndiyo imatenga chikho. Ndiye kuti mnyamata wofika pa nambala 12 akalimbikira n'kupitirira anzake awiri, wathandiza sukulu yonse. Mutu umodzi susenza denga. Choncho musamufunse mwana kuti, "Bwanji sunakhale nambala wani?" Mufunseni kuti timu yatha bwanji.

Tsono inu monga makolo mungatani?

Choyamba, gwirizanani awirinu kuchipinda. Zoti bambo akuloleza, mayi akukaniza, zimasokoneza mwana.

Chachiwiri, mudyetseni. Wothamanga safuna zakudya za m'sitolo. Nsima, nyemba, mtedza, kachewere, nthochi ndi ndiwo zamasamba n'zokwanira, bola azimwa madzi ambiri ndi kugona msanga.

Chachitatu, akadwala malungo kapena akamva kupweteka m'bondo, apumule ndipo apite kuchipatala. Ngakhale mpikisano uli mawa, moyo ndiye woyamba.

Chachinayi, muikireni lamulo: makope kaye, kuthamanga pambuyo. Miyendo imatha msanga, koma satifiketi ya MSCE adzakalamba nayo. Kambiranani ndi mphunzitsi wake wa zamasewero kuti zonse ziwiri ziziyendera limodzi.

Sikuti mwana aliyense adzafika ku Olympics ayi, ndipo musamunamize. Koma mnyamata amene amadzuka 5 koloko kukathamanga sapeza nthawi yokhala pa kachasu kapena pa chamba. Waphunzira kusunga nthawi, kupirira ndi kudalirana ndi anzake, zinthu zimene adzazifune m'banja lake lomwe.

Tsiku la mpikisano likafika, siyani khasu kwa maola ochepa mukaime pomalizira. Nsapato za pa kaunjika mudzagula zina, koma mwana sadzaiwala kuti pakati pa anthu onse aja anamva mawu a bambo ake ndi nthungululu ya mayi ake.