Tsiku loyambira thandizo la agogo: kalata ya boma si mawu omaliza

Tiyerekeze agogo a zaka 74, Mmalawi amene anagwira ntchito ya unamwino ku Manchester mpaka kupuma. Sitiroko inawagwira mu Januwale. Chiyambire tsiku limenelo satha kusamba okha, kumanga mabatani a malaya, ngakhale kupita kuchimbudzi usiku popanda wowagwira dzanja. Mwana wawo anatumiza fomu yopempha Attendance Allowance mu Julayi. Kalata yovomera itafika m'nyumba munamveka nthungululu, mpaka wina anaona tsiku lomwe lalembedwa: ndalama ziyamba kuwerengedwa mu Okutobala. Nanga miyezi itatu ija yapita kuti?

Attendance Allowance ndi ndalama imene boma la Britain linayamba kupereka mu 1971. Lero imaperekedwa ndi unduna wa DWP kwa anthu amene afika msinkhu wolandira penshoni ya boma ndipo akufunika wowasamalira chifukwa cha matenda kapena ulumali. Sayang'ana chuma cha munthu, ndipo sadulapo msonkho. M'chaka cha 2025/26 wofunika thandizo masana okha kapena usiku wokha ankalandira £73.90 pa sabata, pomwe wofunika thandizo usana ndi usiku ankalandira £110.40. Pa mlingo wapamwambawu, masabata 13 otayika ndi £1,435.20. Imeneyo ndi ndalama ya magetsi otenthetsera m'nyumba nthawi yachisanu, ya takisi yopitira kuchipatala, ya munthu wodzasinthana ndi mwana amene watopa.

Tsiku loyambira limadalira zinthu ziwiri. Choyamba ndi tsiku lopempha. Mukaimba foni kuitanitsa fomu, tsiku loimbalo ndilo limawerengedwa, malinga mubweze fomuyo pasanathe masabata 6. Mukaisindikiza nokha kuchokera pa intaneti n'kuitumiza pa positi, amawerenga tsiku limene yafika ku ofesi. Miyezi imene munakhala musanapemphe siibwezedwa. Koma ngati fomu yoitanitsa pa foni inachedwa pa chifukwa chomveka, monga agogo atagonekedwanso m'chipatala, mukhoza kupempha kuti tsiku loimba foni lija lisasinthe.

Chachiwiri ndi lamulo lakuti munthu akhale atafunika thandizo kwa miyezi 6 ndalama isanayambe. Koma amene madokotala akuona kuti mwina sapitirira miyezi 12 ali moyo sadikira. Apa ndi pamene mabanja athu amapunthwa. Akuluakulu athu analeredwa kuti ululu n'ngobisa. Mukawafunsa mmene adzukira, amati “ndadzuka bwino” pomwe usiku wonse sanagone. Za mkodzo wothawa kapena kugwa kubafa sangauze mwana wobereka okha, nanga mlendo wa ku ofesi? Motero pa fomu pamalembedwa kuti vuto linakula mu Epulo, pamene anagwa anthu akuona, chonsecho linayamba mu Januwale. Woweruza pempho amawerenga miyezi 6 kuchokera pa zimene waona papepala.

Njira yotsutsira ilipo. Imatchedwa mandatory reconsideration, kutanthauza kupempha DWP kuti ionenso chigamulo chake. Pempho liyenera kuperekedwa pasanathe mwezi umodzi kuchokera pa tsiku lolembedwa pa kalata, ngakhale kuti pa zifukwa zomveka amalandirabe mpaka miyezi 13. Polemba, tchulani tsiku limene mukuti ndilo loona ndi chifukwa chake. Ikanipo umboni wokhala ndi masiku: chikalata chotulukira m'chipatala, zolemba za dokotala, ndi ndondomeko ya wosamalira yonena zimene ankachita masana ndi usiku chiyambire matendawo. DWP ikakana, mukhoza kupita ndi nkhaniyo ku bwalo loima palokha lomva madandaulo, ndipo nthawi yake ndi mwezi umodzinso. Kumeneko salipiritsa.

Chenjezo n'lakuti poonanso amatha kuunika chigamulo chonse, osati tsiku lokha. N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba mwaonana ndi alangizi a Citizens Advice kapena Age UK, omwe amathandiza ulere. Safunsa anadya phula. Dziwaninso kuti agogo obwera kudzacheza pa viza yoletsa kulandira thandizo la boma sayenera kupempha ndalamayi, ndipo ku Scotland malo ake inatenga Pension Age Disability Payment.

Ena amati kubwerera kukatsutsa mutalandira kale n'kusayamika. Ayi. Agogo amene anathera mphamvu zawo kutembenuza odwala m'mawodi usiku sakupempha zachifundo. Akungofuna kuti pepala linene zoona za tsiku limene manja awo anasiya kugwira ntchito. Ntchito yathu ana ndi adzukulu ndi kukhala nawo pansi, kuwafunsa mofatsa ndi mwaulemu zimene manyazi anawabisitsa, kenaka n'kulemba kalatayo mwezi usanathe.