Ngolo ikayamba kukankha galimoto

Mu Novembala chaka chatha bambo wina anafika pagalaja pathu galimoto yake itakwezedwa pa lole. Inali SUV ya petulo ya injini ya 2.0, yosamalika bwino, chizindikiro cha 4x4 chikunyezimira kumbuyo. Anachoka nayo ku Johannesburg akukoka ngolo ya matayala anayi, pangolopo atamangapo Toyota Corolla ya mlamu wake, mu Corolla momwemo atalongedzamo matayilosi, mabulangete ndi zitini za penti. Beitbridge anadutsa, Harare anadutsa, Zambezi anawoloka pa Tete. Galimoto inakagonja pa zitunda za ku Zobue, chipata cha Mwanza chili pafupi. Titatsegula giyabokosi, oyilo anatuluka wakuda bii, akununkha ngati mkute wopserera.

"Komatu achimwene, imakoka bwinobwino," anatero bamboyo atagwira m'chiuno. "Msewu wa Masvingo uja ndimathamanga 120, osamva n'komwe kuti kumbuyo kuli kanthu."

Mawu amenewa ndatopa nawo. Munthu akafuna galimoto yokokera ngolo, mafunso ake onse amakhala a injini: ndi ya malita angati, ili ndi turbo, ndi V6? Wogulitsa naye amangovomera. Chonsecho kusuntha katundu amene wakhala pa matayala ndi ntchito yopepuka. Anyamata atatu amakankha minibasi yothima pa siteji mpaka kulira. Ngakhale ka Vitz kangathe kusuntha ngolo ya matani awiri pamalo athyathyathya. Koma kakasuntha, adzaiimitsa ndani? Adzaigwira ndani pokhota? Nanga kutentha kwa makilomita oposa 1,700 a pakati pa Johannesburg ndi Blantyre kadzapirira?

Alimi a ku Ntcheu ndi ku Mchinji amazidziwa izi kuposa madalaivala ambiri a m'tauni. Ng'ombe ziwiri zimakoka ngolo yodzaza chimanga popanda kudandaula. Zikafika pamtsetse ngolo ija ndiyo imayamba kuzikankha, goli limathamangira kunyanga, ndipo woyendetsa wanzeru amatsika n'kumazibweza pang'onopang'ono. Ng'ombe zing'onozing'ono, ngakhale zikhale zaukali chotani, pamenepo zimakokoloka nayo ngoloyo. Chofunika ndi thupi. Galimoto yokoka ikapepuka kuposa chimene ikukoka, pamtsetse wolamula amakhala wakumbuyo.

Tiwerengere ulendo wa bambo uja. Ngolo yonyamulira galimoto imalemera pakati pa makilogalamu 500 ndi 800 ili yopanda kanthu. Corolla ndi pafupifupi 1,300. Matayilosi ndi penti zija zinali mazana angapo. Zonse pamodzi zinadutsa matani awiri, pamene SUV yake payokha inali pafupifupi tani imodzi ndi theka. Mwana anali atabereka amake.

Opanga magalimoto sabisa zimenezi. M'buku la galimoto amalemba manambala awiri a towing capacity, kutanthauza kulemera kumene galimotoyo ikuloledwa kukoka. Yoyamba ndi ya ngolo yopanda mabuleki akeake, ndipo imeneyi sipitirira makilogalamu 750 ngakhale pa pikapu yaikulu. Yachiwiri ndi ya ngolo ya mabuleki. Mapikapu a masiku ano monga Toyota Hilux, Ford Ranger ndi Isuzu D-Max amafika pa 3,500, koma si mtundu uliwonse: Hilux yakale kapena ya injini yaing'ono ili ndi nambala yotsikirapo, ngakhale dzina ndi lomwelo. Ma SUV apakati a petulo ambiri amathera pa 1,500 kapena 2,000. Ndiye pali timagalimoto ta ku Japan tadzaza m'misewu yathuti, ma Sienta, ma Freed, ma Note, timene kawirikawiri m'mabuku mwake mulibe nambala yokokera n'komwe. Tinapangidwira kukatula ana kusukulu ku Osaka. Ine galimoto yopanda nambalayi sindiikira chitsulo chokokera, munthu akwiye asakwiye.

Mabuleki a ngolo ndiye nkhani imene anthu saifunsa pobwereka. Ngolo zambiri zonyamulira magalimoto zili ndi overrun brake. Imagwira motere: galimoto ikachepetsa liwiro, ngolo imadzikankhira kutsogolo, chitsulo cha pamphuno pake chimalowa mkati n'kukoka mawaya amene amamanga mabuleki a matayala a ngoloyo. Ngolo imadziimitsa ndi kulemera kwake komwe. Nzeru yake ndi yabwino, bola ikhale ikugwira. Pa ngolo ya bambo uja mawaya onse anali atadyeka ndi dzimbiri, ena atamangidwa ndi nsambo pansi pa chasisi kuti asakhwekhwereze mumsewu. Ndiye kuti kuchokera ku Joni mabuleki a SUV ija ndiwo amaimitsa okha matani oposa atatu ndi theka. Ndinamuuza kuti akayamike Mulungu kuti giyabokosi inafera pokwera, mabuleki asanafere potsika. Sanaseke.

Amene amanyamukira ku South Africa adziwenso kuti lamulo la kumeneko limayang'ana thupi lomweli. Ngolo ya overrun brake, kulemera kwake kolembedwa pachitsulo chake sikuyenera kuposa tare ya galimoto yokoka, kutanthauza kulemera kwa galimotoyo ili yopanda anthu ndi katundu. Ikaposa, pamafunika mabuleki amene dalaivala amawalamula ali pampando pake. Choncho ngakhale pikapu yolembedwa 3,500 pa kapepala ka wogulitsa, ngati tare yake ili matani awiri, pa ngolo ya overrun malire ake ndi matani awiri omwewo. Laisensi nayo ili ndi zake: kumeneko ya B imathera pa ngolo ya makilogalamu 750, kupitirira apo amafuna EB. Za kwathu kuno ndi za mayiko odutsamo, pitani mukafunse ku Road Traffic musananyamuke, osati kwa mnzanu amene "anadutsapo osamugwira".

Nambala ya 3,500 ija ilinso ndi msampha wina, ndipo uwu umakola ngakhale eni mapikapu enieni. Pali GCM, kulemera konse kwa galimoto, anthu, katundu ndi ngolo mukaziphatikiza. Titenge Ford Ranger wa injini ya 3.2, amene GCM yake ndi makilogalamu 6,000. Chotsanipo ngolo ya 3,500, patsala 2,500. Pikapuyo payokha ndi pafupifupi 2,200. Otsala ndi 300 basi: amuna atatu ojintcha ndi chikwama chimodzi, nkhani yatha. Koma onani mmene anthu athu amachokera ku Joni, kumbuyo kwa pikapu kutasanjidwa mafiriji ndi matiresi mpaka kupitirira denga, mkati anthu asanu, ngolo ili pambuyo. Nambala ya pa kapepala ija imaganizira pikapu yopanda kanthu.

Tibwererenso kwa mlimi uja, chifukwa amadziwanso kupakira. Matumba akachuluka kumbuyo kwa ngolo, goli limanyamuka n'kutsamwitsa ng'ombe. Akachuluka kutsogolo, limazithyola makosi. Pa galimoto timati nose weight, kulemera kumene ngolo imatsamira nako pa kampira kachitsulo kokokera kaja. Kuyenera kukhala pakati pa 5 ndi 10 pa makilogalamu 100 alionse a ngolo, koma osapitirira nambala yodindidwa pa chitsulo chokokeracho. Kukachepa, ngolo imayamba kuvina. Imayamba pang'ono, mwina basi yaikulu yakudutsani kapena mphepo yawomba, kenako kumanzere, kumanja, kumanzere, kuvina kukukulirakulira mpaka matayala akumbuyo a galimoto ataya msewu. N'chifukwa chake galimoto yokwezedwa pangolo imalowa chamutu, injini kutsogolo. Wina akaikweza chobwerera chifukwa "ndiye inali yosavuta kukankha", wapakira ngozi.

Ikayamba kuvina, phazi limathamangira pa buleki ndipo manja amafuna kulimbana nayo. Zonse ziwiri zimaonjezera gule. Chotsani phazi pa mafuta pang'onopang'ono, chiwongolero chigwireni mowongoka, liwiro litsike lokha. Apa mpamene galimoto yaitali pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo imaonetsa ubwino wake, makamaka ngati chitsulo chokokera chili pafupi ndi matayala akumbuyo. Yaifupi, yotalikira kumwamba, ngolo imaigwedeza ngati mwana wogwira nyanga za ng'ombe.

Za 120 ija ndisaiwale. Mphamvu imene mabuleki ayenera kuzimitsa sikwera molingana ndi liwiro, imakwera modumpha. Pa makilomita 100 pa ola ndi yochuluka ndi theka kuposa pa 80, ndipo pa 120 imaposa kawiri. Mphamvu yonseyo imasanduka moto m'mabuleki. Brake fluid wa DOT 4 akakhala watsopano sawira mpaka madigiri 230, koma akayamwa chinyontho, monga amachitira pakapita zaka, angawire pa 155. Akawira, buleki imalowa pansi ngati mwaponda siponji. Amene amakatenga magalimoto ku Dar es Salaam amaudziwa mtsetse wautali wochokera ku Uyole kudzera ku Tukuyu mpaka ku Kasumulu, asanawoloke Songwe. Kwathu kuno kuli Chiweta, kuli Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti. Malo otere amatsikidwa ndi giya yotsika, injini ikugwira galimoto, buleki n'kumangothandizira. Ndipo chizindikiro cha 4x4 pano chilibe ntchito. Chimathandiza kuchoka m'matope. Poima, galimoto iliyonse ili ndi mabuleki pa matayala anayi.

Sindikunena kuti injini ilibe kanthu. Ya dizilo imapereka torque, mphamvu yopotokola ija, isanakuwe kwambiri, ndiye pa chitunda imakwera modekha komanso mafuta sidya ngati ya petulo. Koma chimene chimafa msanga pa ulendo wautali ndi giyabokosi. Ya bambo uja inali CVT, yomwe m'malo mwa magiya a mano ili ndi lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri. Mu tauni ndi yofewa ndiponso yosunga mafuta. Ipatseni matani awiri, dzuwa la ku Tete lopitirira madigiri 40 mu Novembala, kenako mapiri opita ku Zobue: oyilo amatentha, lamba amayamba kuterereka, ndipo zotsatira zake ndi zimene zinatuluka m'beseni lathu zija. Automatic wamba wa pa mapikapu amapirira bwino, makamaka akakhala ndi choziziritsa oyilo chapadera. Ya manual imafuna phazi lodziwa, apo ayi kilatchi imapsa ponyamuka pa chitunda; pikapu ya low range imakuchotserani vuto limenelo.

Nanga munthu agule chiyani? Kwa Corolla pa ngolo ya matayala anayi, ndinganene pikapu ya dizilo ya double cab kapena SUV yaikulu ya chasisi chachitsulo monga Fortuner, Prado kapena Land Cruiser, mutaona nambala m'buku la galimoto yeniyeniyo, osati ya mnansi wanu. Ku Britain mabungwe a okoka ma caravan amalangiza oyamba kumene kuti ngolo isapitirire 85 pa 100 alionse a kulemera kwa galimoto. Si lamulo, koma ndi muyeso wabwino kuubwereka. Chitsulo chokokera chimangidwe ndi mabawuti ku chasisi. Chowotcherera pa bampala pansi pa mtengo wa mango ndimachidula ndisanapereke moni.

Zina ndingozithamangira. Pimitsani zonse pa sikelo ngati mungapeze, chifukwa maso amanama. Matayala a ngolo amaoneka atsopano pamene akalamba ali chiimire: onani manambala anayi a pambali, 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2019, ndipo odutsa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi ine sindiwakhulupirira. Mukayenda makilomita 50 oyamba imani, mugwire pakati pa tayala lililonse la ngolo. Pakakuotchani, beyaringi ikupita. Pomwepo kunganinso malamba, amene ayenera kumanga matayala a galimoto yokwezedwayo. Tengani sipeya ya ngolo ndi jeke woikwana. Tcheni chachitetezo, magetsi akumbuyo, mapepala a ngolo a pa zipata. Mafuta konzekerani ochuluka ndithu kuposa a ulendo wamba, kuchuluka kwake kutengera katundu ndi phazi lanu.

Ndipo musanabwereke ngolo, funsani mtengo wokweza galimotoyo pa thiraki yonyamula magalimoto, kapena wolipira dalaivala kuti aiyendetse ngati ili yamoyo. Bambo uja anafunsa mochedwa. Corolla ya mlamu wake inamaliza ulendo pa lole yomweyo imene inanyamula SUV, ndipo ndalama ya giyabokosi ina, ngakhale yakale, inaposa imene amafuna kupulumutsa.

Amene akubwera kudzaikitsa chitsulo chokokera pagalaja pathu, chonde tengani buku la galimoto, ndipo mundiuze chimene mukukakoka ndi kumene mukukachitenga.