Nsagwada zikauma, kupuma nakonso kumavuta

Mwana akagwa mumtengo wa mango kapena panjinga n'kumenyetsa chibwano pansi, makolo ambiri amangoyang'ana bala lapakhungu. Bala likapola, nkhani yatha. Koma kutsogolo kwa khutu, pomwe nsagwada yam'munsi imalumikizana ndi chigaza, fupa limatha kusweka ndipo magazi amaundana. Pakapita miyezi mafupa awiriwo amatha kumatirirana, pakamwa n'kuleka kutseguka. Mafinya am'khutu osachizidwa komanso matenda a noma, omwe amadya nkhama ndi tsaya, amabweretsanso vutoli.

Mwana wotere amasiya nsima ndi chimanga chootcha, n'kumangopsontha phala lamadzimadzi kudzera m'mipata ya mano. Mswachi sulowa, mano amabowoka, thupi limanyentchera.

Choopsa kwambiri chimabwera usiku. Nsagwada youmayo siikula bwino, choncho chibwano chimabwerera m'mbuyo n'kukankhira lilime kukhosi. Mwana amaliza mkonono waukulu, amaleka kupuma kwa kanthawi, kenaka n'kudzidzimuka ali wefuwefu. Masana amasinza m'kalasi, ena n'kumamutcha waulesi, chonsecho akusowa mpweya.

Kukanula ndi supuni kapena kutemera mphini sikungamasule fupa. Chofunika ndi opaleshoni. Madokotala amadula fupa lomatiriralo, n'kuika pampatapo mnofu wochokera pafupi ndi khutu kuti lisagwiranenso. Kwa ana ena amatenga kachidutswa ka nthiti n'kupangira cholumikizira chatsopano. Ngati chibwano chafupika kwambiri, amamangirira kachitsulo kotalikitsa fupa pafupifupi milimita 1 patsiku, mpaka njira ya mpweya itakula. Popeza pakamwa sipatseguka, chubu chopumira pa nthawi ya opaleshoni chimadzera m'mphuno kapena pakhosi. N'chifukwa chake iyi ndi ntchito ya chipatala chachikulu.

Kwa anthu a ku Chileka ndi Lirangwe, ulendo umayambira pachipatala chaching'ono cha m'deralo, chomwe chimapereka kalata yopita kuchipatala chachikulu cha Gulupu mumzinda wa Blantyre. Kumeneko kuli gawo la mano komanso chipatala cha opaleshoni ya ana cha Mercy James, chomwe chidatsegulidwa mu 2017.

Opaleshoni ikatha, mwana ayenera kuyasamitsidwa tsiku lililonse kwa miyezi yambiri, ngakhale zikuwawa. Akalekeza, fupa limamatiriranso.

Makolo, yesani lero lomwe: mwana asanjikize zala zake zitatu n'kuzilowetsa pakati pa mano akutsogolo. Ngati zikukanika kulowa, makamaka ngati amabanikanso kutulo, musadikire kuti akule. Thamangirani naye kuchipatala.