Kodi mowa wokoma umachokera mumgolo basi?

Mukanena ku Chibavi, ku Zolozolo kapena ku Mchengautuwa mumzinda wa Mzuzu kuti mukufuna kufulula masese pang'ono a pachinkhoswe cha mwana wanu, salephera kupezeka wokuuzani kuti mukabwereke mgolo. Amati mowa wa m'sefuliya sulasa, ngwa ana. Nzeru imeneyi inachokera kwa amayi ofulula mowa wogulitsa, omwe amaufunadi mgolo wa malita 200 chifukwa makasitomala awo ndi ambiri. Banja loyembekezera alendo 15 silifunika kutengera zimenezo.

Ukali wa mowa suchokera pa kukula kwa chotengera. Chimera cha mawere kapena cha chimanga chimasandutsa phala kukhala shuga, ndipo yisiti imadya shugayo n'kutulutsa mowa. Chimera chikakhala chabwino ndipo mulingo wake ndi ufa ukakhala woyenera, malita 10 amalasa chimodzimodzi ndi malita 100.

Komabe odandaula za mowa wochepa sakunama pa zonse, ndipo apa m'pamene Mzuzu akusiyana ndi Nkhata Bay kapena Karonga. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi kumazizira koopsa. Chinthu chochepa chimazizira msanga: kapu ya tiyi imapola mukadali kupereka moni, pomwe mphika wa phala umakhalabe wotentha. Mgolo wodzaza umasunga kutentha kwake usiku wonse, ndiye yisiti imagwira ntchito mosadukiza. Kasefuliya kopyapyala kosiyidwa pasimenti kamazizira, mowa n'kuleka kuwira, ndipo mawa lake anthu amati vuto ndi kuchepa kwa chotengera. Vuto ndi mphepo. Thirani mowawo mumbiya yadothi, yomwe khungu lake ndi lochindikala, muifunditse chiguduli kapena bulangete lakale, muiike pafupi ndi mafuwa. Upsa bwinobwino.

Kusunga kutentha komweko kumaupweteka mgolo pa nthawi yothira chimera. Mphamvu ya chimera imagwira bwino phala likakhala pa madigiri 60 mpaka 70, ndipo likatentha kupitirira 80 mphamvuyo imafa. Phala la mumgolo limapusitsa: pamwamba lapola, pakati likadali moto. Wothira chimera mothamanga amachiwotcha, kenaka n'kumati anamugulitsa chimera choipa kumsika wa Zigwagwa. M'sefuliya mthiko umafika pansi, phala lonse limapola mofanana. Ophika chindongwa, chomwe kumwera timati thobwa, amazidziwa bwino zimenezi, pakuti kutsekemera kwake konse kumadalira mphindi imeneyi.

Ena amalakwitsa mbali inayo. Amati chotengera chikhale chongokwana mowa umene akufuna, poopa kuwononga nkhuni. Koma phala likamawira limatukuka, ndipo mowa ukamapsa umachita thovu lokwera. Siyani malo: gawo limodzi mwa magawo atatu likhale lopanda kanthu. Ofuna malita 12 apeze sefuliya ya malita 18 kapena 20, osati 12. Kusonkhezera moto sikufulumizitsa kanthu. Pamtunda wa Mzuzu madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96, ndipo nkhuni zowonjezera zimangopsereza phala pansi ndi kulisefukiritsa pamafuwa.

Nanga kuthira malita 12 omwewo mumgolo, poti malo ndi ambiri? Ayi ndithu. Mowa umayala pansi ngati kadziwe, umazizira msanga, ndipo umakumana ndi mpweya wambiri. Mpweya ndiwo umalimbikitsa tizilombo tosandutsa mowa kukhala viniga. Masese ndi mowa wamoyo, sasiya kuwira ngakhale mutausefa, ndipo pakangopita masiku ochepa umasasa. N'chifukwa chake ine ndimati yambani mwawerenga akumwa, kenaka malita, chotengera chibwere pomaliza.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chikhulupiriro choti mgolo uliwonse ukatsukidwa ndi kuwotchedwa pamoto ndiye kuti wayera. Migolo yambiri imafika m'makomo itasungako mafuta a galimoto, penti kapena mankhwala, ndipo mwini wake watsopano sadziwa mbiri yake. Ngakhale umene sunasungeko poizoni uli ndi vuto lake. Mowa wa masese ndi wowawasa, ndipo kuwawasako kumasungunula chitsulo ndi dzimbiri. Kuyambira mu 1929, madokotala a ku Johannesburg ankapeza chitsulo chochuluka m'ziwindi za anthu akuda omwalira, ndipo patsogolo pake zinadziwika kuti chambiri chinkachokera ku mowa wofululira m'migolo ndi m'zitini zachitsulo. Kafukufuku wa ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1990 anapezanso vutoli pakati pa anthu akumidzi okonda mowa wotere. Chitsulo chikaunjikana m'thupi kwa zaka zambiri chimawononga chiwindi.

Ndowa yamalata nayonso siyenera kusungira mowa, chifukwa chonyezimira chimene anakutira malatawo chimasungunuka mu zowawasa ndipo chimayambitsa kusanza ndi kupotokola m'mimba. Sefuliya ya aluminiyamu ndi yabwino pophikira phala, koma mowa ukagonamo masiku imadyeka timaenje. Pophika gwiritsani sefuliya, pofuna kuti mowa upse usamutsireni mumbiya kapena m'ndowa yapulasitiki ya malita 20 yomwe inabwera ndi mafuta ophikira, mutaitsuka bwino, ndipo chivundikiro chake musachitseke kolimba kuti mpweya wa mowa uzituluka.