KUTSUKA MAGALIMOTO M'MAKOMBONI: NDALAMA ZILIMO, NANGA MADZI AKUDA APITA KUTI?

Munthu woyenda mu mseu wa Los Angeles ku Kanyama, wa Commonwealth ku Matero, kapena wa Alick Nkhata wopita ku Kalingalinga ndi Mtendere, sangalephere kuona anyamata atapinda mathalauzi, nsanza kumanja, alikukodola oyendetsa magalimoto. Nchito ya car wash siyenera kunyozedwa ai. Yalipira lendi, yagula unga, ndipo yacotsa ana athu ambiri m'mashabini. Koma ena amatsegula mwezi uno, mwezi wamawa makina afa kapena akuluakulu a mzinda awathamangitsa. Kodi cimalakwika nciani?

MALO NDI MAPEPALA

Coyamba ndi malo. M'mphepete mwa mseu si mwa munthu, ndipo a Lusaka City Council akhala akucotsa anthu otsukira magalimoto m'malo osaloledwa. Funani malo a mkati mwa mpanda, lemberanani pangano ndi mwini wace, tengani cilolezo ku Council, ndipo lembetsani dzina la bizinesi ku PACRA. Mapepala amenewa ndiwo amatsegulanso khomo la thandizo. Mu 2022 boma linakweza ndalama za CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwensi iliyonse, ndipo mbali ina ndi ya magulu a acinyamata ndi azimai. Gulu losalembetsa silingapemphe kanthu kumeneko.

KUSAMALIRA MAKINA

Makina opopera madzi mwamphamvu ndiwo khasu la nchito iyi. Amatha madzi ocepa kuposa payipi yongotayirira, koma ali ndi adani atatu: mcenga, kuuma ndi kuiwala oilo. Ikani sefa pakati pa thanki ndi pampu. Musalize makina thanki ilibe madzi, cifukwa mphira za mkati zimapsa m'kanthawi kocepa. Sinthani oilo wa pampu monga momwe kabuku kace kanenera. Madzi a m'zitsime za Lusaka ali ndi laimu wambiri amene amatseka kamwa ka mfuti yopopera, motero muzikatsuka kawirikawiri.

Tisaiwale caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kupita maola oposa 17 pa tsiku. Wokhala ndi thanki yodzaza ndi makina a petulo anagwirabe nchito, anzace ali khale pa benchi.

Sopo wocapira zobvala amafwifwitsa penti. Nsanza ya matayala isakhudze thupi la galimoto, pakuti kamcenga kamodzi kokha kangakulipiritseni ndalama za mlungu wonse.

MWINI KUTSUKA YEKHA

Ku maiko a ku Ulaya ndi America kuli malo kumene munthu amaponya ndalama m'makina natsuka yekha galimoto lace. Kuno kwathu manja ndi ambiri ndipo mabwana safuna kunyowa. Komabe nzeru imeneyi ingagwire nchito kwa a matekisi ndi a maminibasi, amene amatsuka tsiku ndi tsiku ndipo amawerenga ngwee iliyonse. Apatseni mbali imodzi ya malo, alipire madzi ndi nthawi ya makina pa mtengo wotsika, kondakitala atsuke yekha. Pakhale mnyamata mmodzi wosunga nthawi ndi kuyang'anira mfuti, cifukwa cinthu ca mwini sicimva kuwawa m'manja mwa mlendo.

MADZI SAIWALA KHWAWA

Apa ndipo pali nkhani yaikulu. Mzinda wathu unamangidwa pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo ku Kanyama, Chawama ndi George madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Cimene mwataya pamwamba lero, mawa ciri m'citsime ca mnansi wanu. Madzi ambiri amene a Lusaka Water amatipatsa amacokeranso pansi pomwepa, ena ndiwo acokera ku mtsinje wa Kafue.

Madzi otsukira galimoto amanyamula oilo, girisi, sopo ndi matope. Akalowa mu ngalande, matope amaitseka. Mvula ikagwa madzi amasefukira nasakanizika ndi za m'zimbudzi. Zotsatira zace tizidziwa. Kolera ya mu October 2017 inapha anthu pafupifupi 100 mu Lusaka, ndipo mu January 2018 anthu a ku Kanyama analetsedwa kuyenda usiku. Inabweranso mu October 2023: National Heroes Stadium inasanduka cipatala, ndipo masukulu sanatsegule kufikira pa 12 February 2024. Sitikunena kuti otsuka magalimoto ndiwo anabweretsa kolera, koma ngalande yotsekeka ndi cithaphwi cosauma zimaipatsa njira.

Mankhwala ace si okwera mtengo. Tsukirani pa simenti yopendekeka, madzi azitsikira m'dzenje lomangidwa bwino la zipinda zitatu. M'coyamba mcenga umakhazikika pansi. M'caciwiri oilo amayandama, ndipo payipi yopita m'cacitatu imatunga madzi a pansi pa oiloyo. Madzi a m'cipinda cacitatu mungatsukirenso matayala ndi kunsi kwa galimoto, bilu nicepa. Fukulani mcenga mlungu uliwonse, ndipo oilo muzisungira mu diramu.

Kuba madzi polumikiza payipi usiku ndi mlandu. Wokumba borehole akailembetse ku WARMA, monga momwe malamulo a 2018 afunira. Ndipo pa mpope wa onse, amai odzatunga madzi ophikira ndiwo ayenera kuyamba, madiramu a bizinesi pambuyo.

ANYAMATA ANU

Lembani m'buku nambala ya galimoto lililonse, ndalama zolowa ndi dzina la wotsuka. Gawo la mnyamata lidziwike nchito isanayambe, ndipo alandire tsiku lomwelo. Mugulireni magambutsi ndi magulovu, popeza sopo amadya khungu. Wopanda laisensi asagwire kiyi. Kandalama kopezeka pansi pa mpando kabwezedwe kwa mwini wace, cifukwa kasitomala wobedwa sabwerera, ndipo amauza anzace khumi.

Inu eni magalimoto, musanapereke kiyi yang'anani kumene madzi akuda akupita. Ngati alowera pa khomo la munthu, pitirirani kwa mnyamata amene anakumba dzenje.