Mchere ndi wa m'ndiwo, osati wa mu uvuni wamagetsi

Ngati mumaumba mbiya kapena mbaula za Chitetezo kuno kuchigwa, mwina munakwerapo Khwekhwerere n'kukaona makapu a ku Dedza Pottery. Ndi osalala, onyezimira, ndipo salowa madzi. Mukayerekeza ndi mtsuko wanu wofiira, mtima umafunsa: kodi iwowa amapaka chiyani? Pakati pa mayankho amene mungamve pali lakuti mungoponya mchere mu uvuni, ziwiya zidzawala zokha. Musanayese, makamaka ngati gulu lanu likulota zogula uvuni wamagetsi, imvani mmene nkhaniyi ilili.

Njira ya mchereyi si bodza. Anaitulukira ndi oumba a m'mbali mwa mtsinje wa Rhine ku Germany cha m'zaka za m'ma 1400, ndipo pambuyo pake ku England ankaotchera motero ngakhale mapaipi a zimbudzi. Uvuni ukatentha kufika pa madigiri 1,200 kapena kupitirira, woumba amathiramo mchere. Mcherewo umasanduka nthunzi. Gawo lake lina, lotchedwa sodium, limagwirana ndi mchenga wa m'dongo n'kupanga kagalasi kopyapyala pamwamba pa chiwiya, kooneka ngati khungu la lalanje. Gawo linalo, chlorine, limakumana ndi chinyezi n'kutuluka ngati utsi woyera wa asidi. Vuto lagona pa utsi umenewu.

Mauvuni a mchere amakhala panja, a nkhuni kapena a gasi, omangidwa ndi njerwa zolimba, ndipo ali ndi chumuni chachitali. Wamagetsi alibe chumuni. Ndi bokosi la njerwa zofewa, zopepuka, lokhala ndi mawaya otenthetsa m'makoma mwake, ndipo kawirikawiri amaikidwa m'nyumba. Mukathiramo mchere, nthunzi imadya kachikopa koteteza mawaya aja, mawayawo n'kuduka msanga. Njerwa nazo zimayamba kusungunuka pamwamba, ndipo mchere umene walowamo sutulukanso: udzapitiriza kuwononga nthawi iliyonse mukayatsa. Mawaya oterewa simungawapeze pa msika wa Golomoti, ngakhale kuti pomwepo pali munda wa mapanelo a sola wopereka mamegawati 20 kuyambira mu 2022. Onjezani ngozi yoti mwatsegula uvuni woyaka, magetsi ali m'mawaya, inu muli ndi supuni yachitsulo ya mchere wonyowa m'manja.

Koma uvuni umagulidwanso, mapapo ayi. Utsi uja ukafika pamalo ponyowa, monga m'maso, m'mphuno, kukhosi ndi m'mapapo, umasanduka asidi. Maso amayabwa n'kutuluka misozi, kukhosi kumaotcha, munthu amatsokomola ndi kubanika. Wa mphumu, amene anadwalapo chifuwa chachikulu, ndi mwana amene ali kumsana ndiwo amavutika koyamba. Ngati utsiwo umachititsa dzimbiri malata a padenga, nanga m'chifuwa? Zikachitika, tulukani panja pomwepo, tsukani m'maso ndi madzi oyera kwa mphindi 15, ndipo ngati kupuma kukuvuta thamangirani ku chipatala cha Mua kapena china chapafupi, mukanene kuti mwapuma utsi wa mchere wotentha. Kuzizi kapena utsi wina musamalimbane nazo mwa kumwa mkaka, sukafika m'mapapo.

Nanga pa moto wa nkhuni umene timaotchera mbiya pabwalo? Pamenepo mungotaya mchere wanu. Moto wotere nthawi zambiri umalekezera pakati pa madigiri 600 ndi 900, kutali ndi pamene galasi limapangika. Dongo lathu lofiira nalonso silingapirire madigiri 1,200. Lingapindike kapena kusungunuka lisanawale. Mchere wotsalira m'dongo umakoka chinyezi, ndipo mphika umayamba kufundukuka ngati khoma lodyeka m'munsi.

Apa ndipo pamabwera yesero loopsa kuposa mchere. Chinthu chimene chimanyezimiritsa mbiya pa moto wochepa ndi mtovu, uja wopezeka m'mabatire akutha a galimoto ndi a sola, amene tsopano ali mbwee m'midzi mwathu. Ku Mexico oumba akhala akuugwiritsa ntchito kwa zaka mazana, ndipo waononga magazi a ana ambiri. Chiwiya chotere chimakongola ndithu, koma mukaikamo chowawasa, kaya thobwa, madzi a malambe, bwemba kapena ndiwo za tomato, mtovu umasungunukira m'chakudya. Sumveka kukoma, sununkha. Mwana amangochepa magazi, sagwira za m'kalasi, ndipo ubongo wake subwereranso mwakale. Mayi woyembekezera amapatsira mwana ali m'mimba. Bungwe la zaumoyo la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene tingati ndi wabwino. Wina akakuuzani kuti muphwanye batire kuti mupeze ufa wopaka mbiya, mukaneni, ngakhale atakhala mnzanu wa m'gulu.

Amene ali ndi uvuni wamagetsi agule glaze yopangidwa kale, yolembedwa kuti ilibe mtovu ndiponso kuti ndi yoyenera ziwiya zodyera. Auike pamalo opita mphepo, posagona anthu, poti ngakhale dongo lokha limatulutsa mpweya woipa likamapsa. Posakaniza ufa wa glaze avale chotchinga pakamwa ndi mphuno, ndipo pansi azikolopa m'malo mosesa, chifukwa fumbi la dongo limakhazikika m'mapapo pang'onopang'ono.

Enafe tisanyoze nkhulungo. Mbiya yokulungizidwa bwino ndi mwala wosalala dongo lisanaumitsitse imatuluka pamoto ili phuliphuli, popanda mankhwala alionse. Alendo obwera kudzaona zosema ku KuNgoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa pa Mua mu 1976, amafuna chinthu chooneka kuti ndi cha kuno. Ndipo mtsuko wamadzi suyenera kukhala ndi galasi n'komwe. Timabowo tosaoneka ta m'dongo ndito timatulutsa thukuta kunja kwake, madzi n'kuzizira, ngakhale mu Okutobala pa Mtakataka.